Masiku Asanu ku Pécs Ndikukankha Kangolo ka Mwana

M'chaka changa chachiwiri ndikulera ana ku Al Warqa, dera lina la mzinda wa Dubai, madamu anandiuza kuti tipita ku Ulaya. Ananena ali chiimire pakhomo la khitchini, foni ili kukhutu, ngati akundiuza kuti anyezi watha. Unali mwezi wa Julaye, nthawi imene ku Dubai kumatentha moti zovala zimauma usanamalize kuyanika, ndipo aliyense amene angathe amathawa. Bwana anaphunzira udokotala ku Hungary, mumzinda wotchedwa Pécs, ndiye ankafuna kukaonetsa akazi awo ndi ana awo awiri aakazi kumene ankakhala.

Ndisaname, ndinasangalala. Kusekondale ndinkakonda phunziro la mbiri yakale kuposa onse, ndipo nyumba zakale za ku Ulaya ndinkangoziona m'mabuku ong'ambika. Komanso miyendo yanga inali itaiwala msewu. Ku Al Warqa nyumba inali mumpanda wautali, ndipo ulendo wanga wapansi unkathera pa bini ya zinyalala kunja kwa geti. Kwina konse tinkapita pagalimoto, ine kumbuyo, mwana pamiyendo.

Tinatsika ndege ku Budapest n'kukwera sitima. Pasipoti yanga ndinaigwira kamphindi kochepa pamaso pa wapolisi wa pabwalo la ndege, kenako inabwerera m'chikwama cha madamu.

Pécs ndi mzinda woyenda pansi. Bwana anatsogola tsiku loyamba lomwelo, akuloza uku ndi uku ngati mwana wasukulu, madamu pambali pawo atagwira dzanja la mwana wamkulu wa zaka zisanu ndi chimodzi. Ine ndinali kumbuyo ndi kangolo kokankhira wamng'ono, chikwama cha matewera kumsana, botolo la madzi m'khwapa. Misewu ya pakati pa mzindawo ndi ya miyala yoyala, ndipo yambiri ndi yokwera. Matayala a kangoloko ankakodwa m'mipata ya miyala, mwana n'kudzidzimuka, n'kuyamba kulira. Ndiye maso anga ankakhala pansi, kusankha podutsa. Ndikati ndidzutse mutu ndione denga la matailosi onyezimira limene bwana akulitama, ndinkamva, "Yalla, iwe, usatsalire!"

Tsiku lachiwiri tinapita ku myuziyamu, nyumba yosungiramo mbale ndi miphika yadothi yokongoletsedwa imene mzindawo umatchuka nayo. Pakhomo madamu anayang'ana masitepe, anayang'ana kangolo.

"Iwe dikira pano ndi mwana. Angaswe zinthu."

Ndinadikira maola awiri pabenchi pansi pa mtengo. Mawa lake zinali chimodzimodzi pa manda a Akhristu akale, amene ali pansi pa nthaka pafupi ndi tchalitchi chachikulu cha nsanja zinayi. Mwana wamkulu uja anatuluka akuthamanga n'kundiuza kuti m'katimo muli zithunzi zojambulidwa pakhoma, munthu ndi mkazi wake ndi njoka pamtengo. Ndinamuuza kuti amenewo ndi makolo athu oyamba. Anandifunsa kuti ndadziwa bwanji popeza sindinalowe. Ndinamupukuta ayisikilimu pachibwano.

Mamyuziyamu a ku Pécs ndimawadziwa ndithu, koma kunja kwake: pali benchi pati, mthunzi umafika nthawi yanji, chimbudzi chosinthira mwana chili kuti.

Nyumba imodzi yokha ndi imene ndinalowa. Pabwalo lalikulu la pakati pa mzinda pali nyumba yamiyala ya denga lozungulira lobiriwira, pamwamba pake pali kamwezi ka Asilamu, ndipo pamwamba pa kamweziko pali mtanda. Bwana anafotokoza kuti anaimanga ndi Aturuki ngati mzikiti, ndipo iwo atachoka inasanduka tchalitchi. Madamu anandiuzanso kuti nditsale. Koma mayi wina wachikulire amene ankayang'anira pakhomo anaona kamtanda kanga ka m'khosi. Anatuluka, anagwira kangolo mbali imodzi, ine mbali inayo, n'kukakweza masitepe osanena chilichonse chimene ndikanamva. Madamu anachita manyazi kukana pamaso pa mlendo.

M'katimo munali mozizira, mukununkhira makandulo. Pakhoma panali malemba a Chiarabu ofufutika, ngati amene ndinkawapukuta fumbi pabalaza ku Al Warqa, ndipo chapafupi pomwepo panali Yesu pamtanda. Bwana anatengera banja lawo ku kamphako kena ka pakhoma kolozera ku Makka. Ine ndinaima pakati. Panali patatha miyezi isanu ndi iwiri ndisanaponde m'tchalitchi, chifukwa tsiku langa lopuma linkangosunthidwa, mlungu uno kuli alendo, mlungu wamawa inshallah. Mwana anali mtulo. Ndinagwada pabenchi lakumbuyo, dzanja limodzi lili pa kangolo.

Ndinali ndisanafike n'komwe pakati pa pemphero la Ambuye pamene ndinamva chala cha madamu paphewa.

"Sitinakubweretse kuno kudzapemphera. Tenga foni, utijambule."

Ndinaimirira. Ndinawajambula anayi onse, wamng'onoyo atamunyamula bwana, pansi pa malemba aja. Ndinajambula kasanu chifukwa madamu ankati nkhope yawo yada. Potuluka, mayi wa pakhomo uja anandigwira mkono n'kunena mawu angapo m'chinenero chawo. Sindidziwa chimene ananena. Ndinangoti zikomo m'Chichewa.

Titabwerera ku Dubai, mapazi anga anali ndi matuza, ndipo ndinatha masiku atatu ndikuchapa ndi kusita zovala za paulendo. Ndinadikira kuti madamu apume bwino, kenako ndinawapeza pabalaza akumwa tiyi. Pangano lathu linali lakuti ndikakwanitsa zaka ziwiri ndidzapita kumudzi mwezi umodzi, ndipo zakazo zinkakwana mu Okutobala. Mwana wanga wamkazi, amene ndinamusiya ndi achemwali anga ku Balaka, ankayembekezera zimenezo.

"Madamu, ndimati ndikumbutse za tchuthi changa."

Anandiyang'ana modabwa zenizeni, osati mwachiphamaso.

"Tchuthi chinanso? Si uja wangochokera ku Ulaya? Ukudziwa atsikana angati muno mu Al Warqa amene anaonako Ulaya? Khalas, basi, tidzakambirana chaka chamawa."

Ndinati kuja ndinkagwira ntchito. Iwo anati ndinagona mu hotela, ndinadya chakudya cha mu lesitilanti, ndinaona zinthu zimene anthu a kwathu sadzaziona mpaka kufa. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ankakhulupirira zimene ankanenazo. Bwana anali pomwepo, maso ali pa foni.

Lamlungu lina atandilola kutuluka, ndinakwera sitima ya Metro kupita ku dera la Deira, kukachipinda kumene timasonkhana amayi a ku Malawi ndi a ku Zambia. Nkhani inali itafika kale. "Abwera a ku Ulaya!" anatero mnzanga wa ku Chipata, amene amagwira ntchito yoyeretsa mu hotela. Onse ankafuna zithunzi. Ndinalibe ngakhale chimodzi, chifukwa foni yanga inkakhala m'chikwama cha matewera. Kenako ndinawauza za tchuthi. Mmodzi anati ndikadandaule ku ofesi imene inandipezera ntchito, wina anati ndikatero andibweza kumudzi chimanjamanja. Tinakangana mpaka tiyi anazizira, osagwirizana kanthu.

Ndinatuluka panja n'kuimbira achemwali anga. Ndinawapempha kuti amuuze okha mwanayo kuti sindibwera. Anakana.

"Ayi, mayi ake ndinu. Nayu, mumuuze nokha."

Ndinamuuza. Anangoti, "Chabwino, amama," n'kubweza foni kwa achemwali angawo. Ndinakapita kumudzi patatha miyezi khumi ndi inayi, ndipo ku Al Warqa sindinabwerereko. Panopa ndimagwira ntchito m'nyumba ina, mbali ina ya Dubai.