Chithunzi cha pa Chitupa

Ndinaganiza zopita ku Joni fodya wanga atabwezedwa kachiwiri ku okushoni. Mayi sanakane, anangoti ndisakakhale mtchona ngati malume.

Ku Cape Town ndinkasamalira maluwa kwa mzungu wina wokalamba, wokonda kujambula mbalame. Ndinkamunyamulira chikwama mpaka matenda ojambula mbalamewo anandilowa nanenso. Lamlungu anzanga akamamwa, ine ndinkabisala m'bango kudikira kakowa kuti atambasule mapiko, ndipo kusungulumwa kunkachepako.

Nditagula kamera yakale, wogulitsa anandionetsa magalasi ake awiri: lalifupi lojambulira anthu, ndi lalitali ngati munsi, lokoka mbalame ili kutali. Ndalama zinkakwana galasi limodzi lokha. Ndinasankha lalitalilo, ndipo kwa miyezi itatu kwathu ku Nambuma sindinatumize kanthu. Ndinanama kuti ntchito yavuta.

Mayi sankapempha zambiri. Ankangotuma mlongo wanga Agnesi kundikumbutsa pa foni kuti ndikabwera ndidzawajambule atavala yunifolomu yawo ya kutchalitchi, zidzukulu zidzawadziwe nkhope.

Nditabwera kutchuthi anaisita madzulo, m'mawa n'kukhala pampando pakhonde, duku lili bwinobwino. Koma ine ndinali nditamva kuti kudambo kuli chisa cha nantchengwa, ndipo kadzuwa ka m'mawa sikadikira munthu. Ndinabwerako masana, atavula kale.

"Wazipeza mbalame zako?" anafunsa, osakwiya n'komwe.

Ndinati tidzajambula mawa. Mawa lakelo ndinalawiriranso kudambo. Foni ikanatha kugwira ntchitoyo, koma ndinkadzimva: mayi anga ajambulidwe ndi foni ine ndili ndi kamera? Tchuthi chinatha choncho.

Anamwalira chaka chotsatira, nthawi yokumba mtedza. Ndinafika mwambo utayamba. Pabokosi panali chithunzi chimene Agnesi anakakulitsa ku Nsaru kuchokera pa chitupa cha unzika, chachimbuuzi, nkhope ili gwa ngati munthu wogwidwa ndi apolisi. Chonsecho mayi anga anali munthu wa nsangala, woseka mpaka misozi. Ndinachita manyazi kuyandikira.

Ndinkayembekeza kuti wina andinena, koma ngakhale Agnesi sanatsegule pakamwa. Titachoka kumanda, mayi wina wa mumpingo anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Ndinu ojambula aja, eti? Mayi anu ankatitopetsa nazo mbalame zanu pa foni ya Agnesi. Ankati m'dera lino mulibe wodziwa kujambula ngati mwana wawo."

Akananditukwana zikanakhala bwino.