Thumba la Kachewere ndi Timabokosi Tinayi

Nditayamba kuika makatuni anga pa intaneti, ndinkajambula timabokosi tinayi basi. Koyamba kankayambitsa nkhani, tiwiri tapakati n'kuikoka, kotsiriza n'kuseketsa. Ndinkajambula ndi chala pa foni, nditakhala kuseri kwa benchi ya tomato ya mayi anga pamsika wa Nsipe, makasitomala akachepa. Nkhani zake zinali za pamsika pomwepo, monga mbuzi yodya kabichi mwini wake akuwodzera. Anthu ankaseka n'kumatumizirana.

Tsiku lina m'nyengo yokumba mbatata, dzuwa lili paliwombo, lole inatsitsa alimi ndi matumba awo a kachewere m'mbali mwa msewu. Pakati pawo panali bambo wina wa ku Biriwiri, wochepa thupi, wovala chijasi chakutha cha ku migodi. Mayi ankamudziwa, ankakumana naye kutchalitchi ku Nzama pa zikondwerero. Matumba onse anali oyera, omangidwa mofanana. Bamboyo anasenza limodzi n'kuyamba kuyenda. Silinali lake.

"Wakuba! Wakuba uyo!"

Sindikudziwa amene anayamba kukuwa. Wina anamupinga mwendo, anagwa chafufumimba, thumba linaphulika, mbatata n'kugubuduzika mumsewu. Anayesa kudzuka.

"Ndasokoneza thumba, abale anga, langa lili..."

Chibakera chinamutseka pakamwa. Kenako mateche, mpini wa khasu, chidutswa cha njerwa. Anatchinga kumutu ndi mkono, ndipo ndinaumva ukuthyoka ngati phesi louma. Anthu amene ndinkapatsana nawo moni m'mawa uliwonse ankakankhana kuti aliyense amufikire. Mayi wina wobereka mwana ankamumenya kumaso ndi chidendene cha nsapato.

"Bweretsani tayala!"

Tayala linabwera likugubuduzidwa. Wakabaza wina anagwada panjinga yake yamoto n'kuyamba kukhetsera petulo m'botolo.

Sindinawaone mayi akuchoka pabenchi. Ndinangowaona atadzigwetsa pamwamba pa bamboyo, mpango utagwa.

"Ameneyu ndikumudziwa ine! Yambani mwawotcha ine!"

Mwala umene unali utaponyedwa kale unawapeza pamwamba pa diso. Magazi anatsikira m'khosi mpaka m'bulauzi. Ndinathamanga ndikukuwa, n'kuwagwira pachilondapo ndi chitenje changa. Anthu ataona kuti amene akukha magazi ndi mayi wa tomato, anayamba kubwerera m'mbuyo. Woyendetsa lole anadzipanikiza pakati pa anthu n'kuloza thumba la bamboyo, lili pomwepo, lomangamanga. Palibe anapepesa. Anabalalika, ena akutola mbatata.

Mayi anawasoka pachipumi. Bamboyo anakagonekedwa kuchipatala kuboma.

Kwa masiku angapo chala changa chinkakana mbuzi ndi kabichi. Chimene chinkandibwerera m'mutu chinali mkono uja ndi tayala. Ndinajambula nkhaniyo m'timabokosi tanga tinayi n'kutumizira anzanga ochepa kuti aone. Anayankha ndi tinkhope toseka. Mmodzi anati mbatata zogubuduzikazo zamuseketsa mpaka misozi. Sindinamukwiyire kwambiri. Ndinali nditawazoloweretsa kuti kabokosi kachinayi n'koseka, ndiye anaseka. Ndinafufuta.

Ndinayesa tsamba lathunthu, timabokosi tambirimbiri, mawu ali thoo. Pa foni nkhope zinasanduka ngati nyemba, ndipo maso ankathamangira pansi kukaona mathero nkhani isanayambe. Ndinayesanso chithunzi chimodzi chachikulu, pansi pake n'kulemba zonse zimene zinachitika. Zinatuluka ngati ulaliki.

Tsamba lathunthu lija ndinawaonetsa mayi, diso lawo likadali lotupa. Analiyandikitsa, n'kulitalikitsa.

"Sindikuonapo kanthu, mwanawe. Tandionetsa chimodzichimodzi."

Ndinadula timabokosito n'kutisanja kuchokera pamwamba kutsika pansi, kamodzi kodzaza foni yonse. Mayi anayamba kukankha ndi chala, pang'onopang'ono. Atafika pa dzanja lonyamula njerwa, chala chinaima. Anapuma kaye, kenako anakankha, njerwayo n'kutsika. Ndinawaona akuphethira.

Ndinajambulanso zonse m'njira imeneyo, mzere umodzi wautali wotsika. Mawu ndinachotsa onse kupatula kukuwa koyamba kuja. Pakati pa njerwa ili m'mwamba ndi pamene inafikira ndinasiya malo oyera, aatali, kuti wowerenga aitsitse yekha ndi chala chake, kapena aleke. Nkhope za omenyawo sindinazichite zoopsa. Ndinazijambula mmene zilili, za anthu ogulitsa anyezi ndi oitanira minibasi.

Sindinafune kuika pagulu mwini nkhani asanaone. Atatuluka m'chipatala, ine ndi mayi tinakwera kupita ku Biriwiri kukamuzonda. Tinamupeza pakhonde, mkono uli m'chikhakha, mano akutsogolo palibe. Nditamufotokozera, analandira foni ndi dzanja lamanzere n'kuyamba kukankha. Anaima pa chithunzi cha tayala.

"Tayalali linalipodi?"

"Linalipo, bambo."

"Ndi petuloyu?"

Ndinavomera ndi mutu. Iye anali chafufumimba pamene zinkabwera, sanaone, ndipo palibe anamuuza. Anayang'ana mayi, n'kuyang'ana chipsera chawo. Mayi anayang'ana kumbali, kumunda wa kabichi.

Anamaliza mpaka pansi, n'kundibwezera foni.

"Ikani," anatero. "Koma nkhope yanga musinthe. Ana anga ali ku Joni, ndinawauza kuti ndinagwa pa lole."

Ndinamujambula wamtali, wandevu, wopanda chijasi. Nditaika, tinkhope toseka sitinabwere. Ambiri anangowerenga osalemba kanthu. Pamsika ena anasiya kundiyankha moni, ngakhale sindinatchule munthu aliyense.

Mkono wa bamboyo unapola mokhota, sutambasuka. Mbatata amalimabe, koma ku Nsipe amatuma mkazi wake.