Bishopu wa amalume pangodya

Amalume anga ndi telala. Amasoka pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo pansi pa makina awo pamakhala bolodi la chesi. Hatchi imodzi inasowa kalekale, amangoikapo kabobini ka ulusi. Kuyambira ndisanabadwe akhala akusewera ndi munthu mmodzi yekha, wokonza mawotchi wa khomo loyandikana, amene msewu wonse umangowatchula kuti Awotchi. Poti Awotchi ndi aakulu, zoyera zinali zawo ndipo ankayamba ndi iwo. Amalume sanawagonjetsepo.

Nditabwerako kunja ndinalibe ntchito, ndiye ndinkaswera pakhondepo n'kumadandaula za fumbi ndi intaneti. Ndinapeza Awotchi atadwala sitiroko. Mwana wawo wamkazi anali atanena kale kuti mwezi ukatha adzawatenga azikakhala kwake, kutali. Amalume ankafuna chinthu chimodzi: kuwagonjetsa kamodzi asanachoke.

"Iwe wa kunja," anatero tsiku lina, singano ili pakamwa, "foni yakoyo imangodziwa kujambula nkhope? Taifunse chimene ndimalakwitsa."

Anandionetsa mmene amayambira. Amasiya mnzawo adzaze asilikali pakati pa bolodi. Iwo amaika bishopu pangodya, pafupi ndi mfumu, kuti aziyang'ana mzere wautali uja. Kenako amadikira.

"Mumadikira chiyani?"

"Kuti alakwitse."

"Analakwitsapo?"

"Munthu wa mawotchi? Uzifunsa zanzeru."

Tinafufuza. Kayambidwe kawo kanali kodziwika, kali ndi dzina lomwe, ndipo sanali kulakwitsa chilichonse mpaka pamene amayamba kudikira. Pakati umamusiyira mnzako dala kuti atambasuke, koma asanakhazikike umaponya msilikali wako pomwepo. Asilikali ake akasweka, mzere umatseguka, bishopu uja n'kuyamba kuluma. Ukachedwa, amangokhala ngati mlonda woyang'ana khoma.

Amalume analavula singano. "Ndiye zaka zonsezi ndimamanga khomo osalitsegula?"

Anayeserera ndi ine mpaka makasitomala kuyamba kulalata. Diresi la mayi wina linatuluka mkono umodzi wautali.

Tsiku loti mawa lake anyamuka, mwana wawo anawabweretsa Awotchi pakhonde, atawagwira mkono. Anakhala, nayamba ndi dzanja lamanzere. Asilikali oyera anadzaza pakati monga mwa masiku onse, chifukwa zimenezo dzanja linkazikumbukira lokha. Amalume anaika bishopu wawo, napuma, kenako anakankha msilikali uja.

Awotchi anayang'ana nthawi yaitali. Kale akanati, "Atelala, mwadya chiyani lero?" Koma anangotenga nsanja yawo, imene imayenda mowongoka basi, n'kuiyendetsa chopingasa ngati bishopu, kudumpha asilikali awo omwe, n'kumwetulira mbali imodzi ya pakamwa.

Ndinafuna kulankhula, amalume anandiponda phazi.

"Mwandipana, achimwene," anatero. Anasewerabe pang'ono, chilichonse chimene Awotchi achita iwo n'kuvomera, mpaka amalume anagoneka mfumu yawo kuvomera kugonja.

Awotchi atapita, amalume anabwezera zonse pamene zinali msilikali uja atangolowa pakati. Anakhala mbali ya zoyera, kuyesa iyi, kuyesa iyo.

"Akanayankha bwanji, iwe?"

Ndinatulutsa foni.

"Ayi, bweza. Foni si Awotchi." Anakoka nsalu, naponda makina. "Ukanabwera chaka chatha, akadali ndi mutu wawo, bwenzi atandiyankha. Mwinanso akanandidya ndithu. Koma ndikanaona."