Mmene Ndinathamangirana ndi Mlamu Wanga

Ndinasiya kuthamanga ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba, ndipo pomwe ndinkayambiranso, mwanayo anali atamera ndevu. Kusekondale, mitunda italiitali inali yanga. Ndinkapita kukapikisana mpaka ku Choma, ndipo nthawi zonse kumbuyo kwanga kunkamveka wefuwefu wa mtsikana wina wa ku Maramba, amene sanandipitirirepo ndi tsiku limodzi lomwe. Mtsikanayo anali ndi mchimwene wake amene ankabwera kudzamuchemerera. Mchimweneyo ndi amene anandikwatira. Choncho mdani wanga wa pabwalo anasanduka mlamu wanga, ndipo zonse ziwirizi sanandikhululukire.

Zaka zinapita. Ine ndinalowa ntchito yochapa ndi kusita pahotela ina pafupi ndi mathithi, thupi n'kudzaza bwinobwino. Mlamu ankagulitsa tomato ndi kapenta pamsika. Tsiku lina tili pachilangizo cha mkwatibwi, azimayi okhaokha, iye anaimirira n'kulengeza kuti walembetsa mpikisano wa makilomita makumi awiri ndi imodzi, wa m'nyengo yozizira. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Aba ba mulamu benze kuthamanga kudala," anatero m'Chinyanja chathu cha m'tauni. "Manje olo minibasi ibasiye, baimilila chabe na kuibayibitsa."

Azimayi anaseka mpaka wina kudzitayira chakumwa cha chibwantu pachitenje. Ine ndinagwira bondo.

"Ni bondo, ba mulamu. Inasila kudala. Imwe thamangani, ine nizakusungilani jezi."

M'mawa mwake ndinakalembetsa dzina langa osauza munthu.

Bondolo linalibe vuto lililonse. Komabe ndinagula bandeji yaikulu, ndipo ndikamapita kumsika ndinkaikulunga mooneka, n'kumatsimphina kuyambira pachipata. Mlamu ankandipatsa mpando ndi nkhope yachisoni, pakamwa pakufuna kuseka. Amuna anga, amene amakonza mabogi a sitima kunjanji, ndinawauza kuti ndayamba mapemphero a m'mamawa. Ndinkatuluka kukucha, nditavala chitenje pamwamba pa kabudula wa mwana wanga, ndipo ndikadutsa nyumba za anthu ondidziwa ndinkachivula n'kuchimanga m'chiuno.

Tsiku loyamba mutu unkakumbukira zonse, koma miyendo inali itaiwala mwini wake. Kuchokera kwathu ku Dambwa sindinafike n'komwe podutsa sitima. Ndinakhala pakalavati ndikuona nyenyezi dzuwa litatuluka. Woyendetsa takisi wina anaima n'kutsitsa galasi.

"Ba mayo, ndani akupishani?"

"Kulibe."

"Manje muthawa chani?"

Ndinangomukupiza ndi dzanja kuti azipita.

Sabata yoyamba ndinkatsika masitepe a kuntchito chammbali ngati nkhanu. Sabata yachitatu ndinafika podutsa sitima paja n'kupitirira. Pakutha pa miyezi iwiri ndinkafika pamphambano yopita kwa Mukuni n'kubwerera, ndipo m'mawa wina ndinangozindikira kuti ndikuimba chamumtima, mapazi akugwa okha monga kale. Ndinalira pang'ono pamenepo, pamsewu, ndowe za njovu zili mbali iyi ndi iyi. Sindinkadziwa kuti ndinali nditazisowa chotero.

Amuna anga sanafunse zambiri. Tsiku lina anangoyang'ana malaya anga onyowa n'kunena kuti, "Mapemphero anuwa ndi amphamvu, amake mwana. Satana akuchita kutulukira m'khwapa."

Tsiku la mpikisano kunazizira koopsa. Nthunzi ya mathithi inkaoneka pamwamba pa mitengo, anthu ali mbwee: achinyamata owonda ngati bango, asilikali, alendo ochokera kunja atanyamula timabotolo m'chiuno. Ndinamupeza mlamu akudziwongola pamtengo. Ndinaima pambali pake, nambala ili pachifuwa, ndikudikira kuti adzidzimuke. Sanadzidzimuke.

"Bondo yapola?" anafunsa osandiyang'ana.

"Yapola mailo," ndinatero, kutanthauza dzulo.

"Ba kalongosi bananiuza kudala. Ati mumafika na pa Mukuni."

Apo ndi pamene ndinadziwa kuti munthu amene ndimagona naye nyumba imodzi ankapereka malipoti kwa mlongo wake sabata ndi sabata. Mkwiyo umene ndinali nawo pa zimenezi ndi umene unandipweteketsa. Mluzu utalira ndinaliyatsa ngati ndikadali mtsikana wa sekondale, kupitirira asilikali, kupitirira alendo, mpaka ana a m'mbali mwa msewu kumakuwa kuti, "Ba anti! Ba anti!" Ndinkamva kukoma. Titadutsa theka, pachitunda china chimene pagalimoto sichioneka n'komwe, miyendo inangoti zii, ngati wina wazimitsa magetsi.

Posakhalitsa ndinamva wefuwefu uja kumbuyo kwanga. Zaka zonsezi sanasinthe. Mlamu anandipeza, anandipitirira koyamba m'moyo wake, ndipo podutsa anandisisita paphewa. Ndinaluma mano n'kumamatira kumbuyo kwake. Ndinkangoyang'ana zidendene zake, osaganiza china.

Koma nayenso anali atadziwotcha pofuna kundipeza. Kutatsala makilomita awiri anayamba kuyenda, manja ali m'chiuno. Ndinamupeza, nanenso ndinayamba kuyenda, chifukwa kunena zoona ndinkangodikira chifukwa. Gogo wina wa imvi mutu wonse anatidutsa akuthamanga pang'onopang'ono, n'kutipatsa moni mwaulemu.

"Ba mulamu," anatero mlamu, mawu akuduka, "ise ndise bakulu manje. Tingene chabe pamozi. Ni banja imozi."

"Zoona," ndinatero. "Pamozi."

Tinagwirana manja. Tinayambanso kuthamanga, ngati kumeneko kungatchedwe kuthamanga, ndipo anthu ataona azimayi awiri ogwirana manja anayamba kuwomba m'manja ndi kutijambula. Mzere womaliza unaoneka. Ndinaona amuna anga ataima pafupi ndi chingwe, atanyamula majezi awiri.

Apa ndiyenera kunena mosamala, chifukwa nkhaniyi imakambidwa mitundu iwiri. Ine ndinamva zala za mlamu zikumasuka m'dzanja langa, chimodzi chimodzi, ngati munthu amene akuba nkhuku. Sindinadikire chala chomaliza. Ndinataya dzanjalo n'kudziponya kutsogolo ndi zonse zimene ndinali nazo. Iye anachita chimodzimodzi, chigongono chake chili m'nthiti mwanga. Tinawoloka mzere tikukankhana, ine patsogolo ndi chifuwa chokha, ndipo pa chifuwa Mulungu sanandimane. Kenako tonse tinagwa pa udzu.

"Kawalala!" anakuwa mlamu ali chagada, kunditcha wakuba.

"Ndimwe munayamba!"

Mtsikana wopereka mamendulo anaima pakati pathu osadziwa woyamba kumuveka. Anthu oposa theka anali atafika kale ife tisanafike, gogo uja ali pamthunzi akudya nthochi, koma ife tinakangana ngati panali chikho.

Amuna anga anabwera ndi madzi. Tonse awiri tinawagwira buluku, wina mwendo uwu wina uwu, kuti anene amene anayamba kutaya dzanja la mnzake. Anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana mlongo wawo, kenako anati nthawi imeneyo n'kuti kachitsotso katawagwera m'diso. Mpaka lero akuti kachitsotsoko sikanatuluke.