Chikhatho cha Zala Zinayi

Parmuat wakalambira pa phiri la Suswa, ndipo mapanga a kumeneko amawadziwa ngati khola lake lomwe. Ndi njira zimene moto wa m'phiri unaboola kalekale, zazitali, zamdima, zonunkha mileme. Ali mnyamata wonyamula mkondo, iye ndi anzake amene anadulidwa nawo limodzi ankalowa m'menemo kukadya nyama kutali ndi maso a akazi. Akakhuta, aliyense ankaviika dzanja m'dothi lofiira losakaniza ndi mafuta a nkhosa n'kudinda pakhoma.

Pambali pa chikhatho chake pali china cha zala zinayi. Mwini wake anali mnzake wapamtima, amene chingwe cha ng'ombe yolusa chinamudula chala. Anamwalira asanakwatire, wosasiya mwana. Dzina lake sitilitchula, pakuti kwathu kuno wakufa satchulidwa dzina. Chimene chinatsala cha munthuyo ndi chikhathocho basi, ndipo chaka chilichonse Parmuat ankapita kukachipaka dothi latsopano kuti chisafufutike.

Kenako kunabwera alendo a matochi apamphumi. Sankale, mwana woyamba wa Parmuat, bambo wa ana atatu, anavala yunifomu n'kuyamba kuwaperekeza m'mapanga. Pakamwa pa Sankale, abale, mpoterera ngati therere.

Tsiku lina Parmuat anafika ndi chigoba chake cha dothi n'kupeza chingwe chitamangidwa kutsogolo kwa khoma. Mwana wake anali akuuza alendo kuti zikhathozo n'za anthu osadziwika amene anatha zaka zikwi zitatu zapitazo.

"Iwe Sankale, ine ndinatha liti?" anafunsa mkuluyo.

Sankale anamukokera pambali. "Bambo, musandiwonongere ntchito. Mukuganiza kuti munthu angakwere ndege kudzaona dzanja la nkhalamba imene ikutsokomola pomwepa?"

"Changacho chisiye. Icho cha zala zinayi chili ndi mwini, ndipo chikufufutika."

"Chikafufutika m'pamene chimaoneka chakale. Dothi lanulo bwererani nalo." Kenako anakweza mawu, anzake oyang'anira mapanga akumva. "Chabwino, ngati mwini wake mukumudziwa, tatiuzani, ndani?"

Parmuat anayasama. Dzinalo linafika pakhosi n'kuima pomwepo. Sankale ankadziwa bwino kuti bambo ake sangalitchule, n'chifukwa chake anafunsa. Zimenezi n'zimene zimamuwawa mkuluyo mpaka lero, kuposa chingwe chija: mwanayo anamutseka pakamwa ndi ulemu umene iye yemwe anamuphunzitsa.

Masiku ano Parmuat amakhala pamwala pakhomo pa phangalo, anyani akumudutsa osamuopa. Alendo amamujambula, iye sayang'ana. Nthawi zina amalowa, n'kuima kuseri kwa chingwe ngati mlendo, kuyang'ana mnzake akutha kachiwiri.

Chaka chino zala zatsala ziwiri, ndipo Sankale akuuza alendo kuti chikhathocho n'cha zaka zikwi zisanu.