Mpira Umene Unamudutsa Esinati

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha Chingerezi. Nditamaliza Folomu 4 ndinkangothandiza amayi kusoka fodya ku Nsaru, mpaka tsiku lina abambo mfumu a kuparishi anandiitanitsa. Kunali kutabwera mlendo wochokera ku Japan, a Kenji, wodzaphunzitsa atsikana besiboli, masewera omenya mpira ndi ndodo, ndipo ankafuna womasulira.

A Kenji anali bambo waimvi, woyenda motsimphina. Kwawo besiboli ndiyo inali ntchito yawo. Ankaima kutali kumapeto kwa bwalo, kowakhira mipira yomenyedwa m'mwamba. Bondo litawonongeka anakhala mphunzitsi wa timu.

Ine sindinkadziwa chilichonse. Anandiphunzitsa kulemba mizere ndi laimu, kuika matumba a mchenga m'makona anayi, ndi kupaka mafuta magolovesi achikopa kuti asaume. Owakha ankawauza chinthu chimodzimodzi tsiku lililonse: mpira ukakwera, phazi loyamba libwerere m'mbuyo, golovesi itchinge dzuwa, kenako ufuule kuti "Wanga!"

Mu Okutobala tinalandira timu ya m'tauni, makolo atadzaza mbali zonse za bwalo. Tinkatsogola mpaka kumapeto. Ndiye mpira unakwera kulunjika kwa Esinati, mtsikana waliwiro kuposa onse. Iye anathamangira kutsogolo, mpira n'kumudutsa pamutu. Tinagonja.

A Kenji anamuitana n'kufunsa mofatsa ngati dzuwa linamuthobwa m'maso. Ine manyazi atandigwira chifukwa cha makolo aja, sindinamasulire zimenezo. Ndinati, "Akuti watinyozetsa, sudzaseweranso." Esinati anavula golovesi n'kumachoka akulira.

"Mwamuuza chiyani?" anandifunsa a Kenji.

Ndinaulula, ndikudziwa kuti mwina ntchito yathera pomwepo. Iwo analoza kumene Esinati analowera.

"Kamuitaneni. Ulendo uno munene mawu anga okha."

Atsikana onse atasonkhana, a Kenji anafotokoza, ine ndikumasulira, kuti iwonso mpira wotero unawadutsapo pamaso pa khamu lalikulu. Anawatsitsira ku timu yachiwiri, anzawo n'kuwataya. Mphunzitsi mmodzi yekha ndiye ankabwerabe m'mawa uliwonse kudzawamenyera mipira, mpaka a Kenjiwo anabwereranso ku timu yoyamba. Atatha kulankhula anatola ndodo yomenyera mpira n'kundipatsa.

"Kuyambira mawa, womumenyera mipira Esinati ndinu."

M'mawa mwake tinalipo awiri okha pabwalo. Ndinamupepesa Esinati, iye osandiyang'ana. Ndinamenya mpira woyamba, unagwa. Wachiwiri anauwakha, n'kuuponya kwa ine mwamphamvu.

"Ndamva, asisi. Menyani wina."

Tinatero milungu itatu, manja anga ali matuza okhaokha, ndipo mvula isanagwe Esinati anali atabwerera pamalo pake m'timu.

A Kenji anapita kwawo chaka chotsatira, ndipo ndimawathokozabe kuti sanandichotse. Pano ndimaphunzitsa kupulayimale ku Kabudula. Mwana akalakwitsa, ndisanatsegule pakamwa ndimayamba ndadzifunsa ngati mawuwo akukathandiza mwanayo, kapena ndikungofuna kutula manyazi anga pamutu pake.