Duwa la Mayi ndi Mbuzi Yathu

Ndikukumbukira kuti amene anatibweretsera nkhaniyo anali Abiti Saidi, anzawo a mayi anga, ndowa yopanda madzi ili m'manja. Anati alangizi a zaulimi afika padziwe la mudzi wathu, kufupi ndi Ulongwe, ndipo akufunsa amene anaikamo namasupuni. Nthawiyo ndinali sitandade 3, masiku amene popanda khadi lachipani sunkalowa mumsika.

Wolakwa ankadziwika ndi mudzi wonse. Bambo pochokera kuntchito ku Chikwawa anabweretsera mayi kamtengo koyandama m'chitini, ka maluwa okongola ngati nsalu yatsopano. Mayi ndiwo ankakongoletsa guwa kutchalitchi, ndiye anakaponya padziwe kuti kasafote. Mvula ziwiri zokha, madzi osaonekanso. Ng'ombe zinkangoima m'mbali, amayi potunga ankayamba akankha masamba ndi ndowa, madzi akununkha zowola.

Alangizi aja, atatsagana ndi achinyamata achipani awiri, anatipatsa sabata imodzi. Akadzapeza ngakhale tsinde limodzi, chindapusa chake mbuzi. Ife tinali nayo imodzi yokha, yaikazi, ya bere.

Tinalowa m'madzi banja lonse. Mizu ya namasupuniyo inali yoterera, misundu ikutikakamira m'miyendo. Abiti Saidi anaitana amayi anzawo a kumzikiti, nabwera akudandaula kuti maluwa a Akhristu awathyola msana, koma sanajombe tsiku ndi limodzi lomwe. Poyamba tinaunjika m'mbali mwa dziwe, mvula inagwa n'kubwezera zonse m'madzi. Kachiwiri tinasenza m'madengu mpaka pathanthwe, zinauma, tinatentha.

Tsiku litakwana alangizi anazungulira dziwe kawiri osapeza kanthu. Atafika kwathu anapempha madzi osamba m'manja, n'kupita okha kuseri kwa nyumba. Kumeneko, m'mphika wakale, munali tsinde limodzi litachita maluwa. Mayi anali atalisungira Pasaka.

Palibe anakalipa. Achinyamata aja anamasula mbuzi, bambo anangoyang'ana pansi. Alangizi atatambasula dzanja kuti atenge mphikawo, mayi anagwada mwaulemu.

"Iyayi bambo, mbuzi mwatenga. Duwali ndalipira."

Anawasiyira, bola mizu itenthedwe iwo akuona. Lamulungu duwalo linali paguwa m'botolo, ndipo pofika madzulo linali litafota.

Lero ndikamadutsa pa Liwonde ndimaona namasupuni akuyandama mu Shire, wochuluka woti mbuzi za m'boma lonse sizingamulipire, ndipo sindinamvepo kuti wina wafunsidwa. Dziwe lathu lija likadali loyera, adzukulu anga amatungamo. Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha manja onse amene analowa m'madzi muja. Mayi ndi bambo anatisiya kale, Abiti Saidi nawonso. Inu owerenga, mukamagwada, mutikumbukireko ife a banja la a Filipo, osaiwalanso la Abiti Saidi.